Ndavala Jekete Yomwe Ija, Tadala

Kings Heath,
Lachinayi m'mawa.

Tadala mwana wanga,

Ndine ndemwe, atate ako, aja sukuwayankha foni. Usang'ambe kaye. Pepalali ndazula m'kope la amayi ako lolembamo nyimbo za kwaya, ukaling'amba mlandu ukhala wa iwe ndi iwo, ine mulibemo.

Ndalemba m'Chichewa mwadala. Ndikanalemba m'Chingerezi changa cha Sitandade 6 ukanatenga cholembera chofiira n'kuyamba kuchonga. Chichewa chimakuvuta, ndikudziwa, umawerenga ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala yoterera. Ndi zomwe ndikufuna. Uwerenge pang'onopang'ono, mwina pofika kumapeto mkwiyo ukhala utatopa. Amayi ako akwera sitima ya masana kubwera ku Coventry kudzakuthandiza kulongedza, ndiwo akupatsire. Akuti ndege yako ndi mawa madzulo. Masabata atatu osandilankhula, ndiye ukwere ndege, ukakhale ku Jordan miyezi inayi tili chomwechi? Iyayi, mwana wanga. Ngakhale mbuzi yogulitsidwa imatembenuka n'kulira kamodzi.

Ndiyambe ndi kuvomera kuti sindikumvetsa. Unali ndi ntchito kuchipatala chachikulu ku Walsgrave, yojambula mafupa a anthu. Ine ndinkayenda mumsewu wa Kings Heath mapewa ali m'mwamba, aliyense wotsimphina ndinkamuuza kuti pitani kwa mwana wanga akakuoneni m'kati. Lero wasiya, akuti ukutsatira Safiya kukapanga filimu. Filimuyo ndi ya amayi a ku Yemen amene amuna awo anabwera kuno kalekale kudzasungunula zitsulo m'mafakitale. Koma mukukajambulira ku Jordan chifukwa ku Yemen kuli nkhondo. Mwini filimuyo, Safiya yemweyo, anabadwira ku West Bromwich, ndipo amalankhula Chingerezi cha kumeneko chija, chomveka ngati munthu ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Mudzi wa dziko lina, womangidwa m'dziko lina, ndi mwana wa dziko linanso. Ndinafunsa bambo ake, a Salehe, aja tinkanyamula nawo makatoni kuweyahausi, kosungira katundu kuja, zaka khumi ndi ziwiri, kuti achimwene, zimenezi zikuyenda bwanji? Anangoti, "Ladisi, imwa tiyi." Ndiye malangizo a filimu ndilibe. Ndili ndi zolakwa zanga zokha, koma n'zambiri, zikukwanira ulendo wonse.

Ndisanakwatire amayi ako, inenso ndinagwirapo ntchito ya filimu, usaseke. Ku Lunzu kunali kanyumba ka vidiyo, mabenchi asanu ndi chinsalu chakuda pakhomo. Mwini wake anandilemba kuti ndizimasulira zomwe akunena anthu a mufilimu. Chingerezi changa nthawi imeneyo chinali cha moni ndi kupempha madzi, Chitchaina ndiye usanene. Ndinkangopeka. Wina akatsegula pakamwa, ine, "Akuti bweza njinga ya amalume anga!" Winayo akayankha, "Akuti njingayo inalibe belu!" Akayamba kumenyana, anthu m'manja. Miyezi itatu mafilimu onse a ku Lunzu anali a njinga imodzi yomweyo, ndipo kanyumbako kankadzaza mpaka pakhomo. Tsiku lina kunabwera aphunzitsi a kusekondale. Anakhala benchi yakutsogolo, anamvetsera pang'ono, n'kuimirira. "Anthuni, mufilimu muno mulibe njinga. Mayiyu akulira mwana wake." Ndinatulukira pazenera, Tadala, zenera loti mphaka amadutsa chammbali. Kumene ukupitako alankhula Chiarabu. Usamagwedeze mutu ngati wamva. Usamaseke chifukwa ena aseka. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya ndi njuchi zomwe. Ukaona mayi akulira, usamuikire njinga m'kamwa. Funsa. Ukumva?

Cholakwa chachiwiri unachiona ndi maso ako, koma ndichinenabe, chifukwa kumene ukupita ukapeza amuna ngati ine ambiri. Safiya ndinamudziwa ali kamtsikana ka yunifomu, nthawi ija tinkakhala ku West Bromwich, mukuchokera limodzi kusukulu, iye akumaliza mandasi a amayi ako n'kumajambula mphaka wa aneba pafoni. Zaka zitatu zapitazo atabwera kudzapempha kuti ine ndi bambo ake tikhale mufilimu yake yaifupi, ya madala awiri okhala pabenchi podikirira tramu, kasitima koyenda m'tauni kaja, ndinkayesa ndi masewera a ana aja akupitirira. Tsiku loyamba ndinafika pabenchipo n'kupeza chimzungu chachitali, chandevu, chitanyamula chikamera paphewa. Ndinavula chipewa, ndinapereka moni ndi manja awiri, "Mwadzuka bwanji bwana." Kenako ndinatembenukira kwa Safiya, ndinati, "Mwanawe, tathamanga ukawapezere tiyi abwanawa, kukuzizira." Iwe unandikoka malaya, mano ali gwa, "Dad, she's the director." Ndisanameze malovu, chimzungu chija chinawerama n'kufunsa kamtsikanako kuti chiime pati.

Tsiku lonselo ndinkamuyang'ana. Mpango kumutu, mahedifoni pamwamba pa mpango, mawu aang'ono ngati akupempha mchere. Panali bambo wina wa magetsi amene Safiya akalankhula, iye ankayankha kwa wa kamera uja, ngati mawuwo achokera kumwamba. Ine ndikanakuwa. Safiya anangoima, manja kumbuyo, osabwereza, mpaka ntchito yonse inaima, mpaka bamboyo anatembenuka yekha n'kumuyang'ana m'maso. Mpaka lero sindidziwa kuti anachita bwanji. Ndayesapo kwa amayi ako, ndinaima kukhitchini theka la ola, iwo anangondipatsa tsache. Chimene ndikukuuza n'chakuti: munadyera mbale imodzi muli ana, inde, koma pantchito ndi bwana wako. Pamaso pa anthu umupatse ulemu wake wonse, nthabwala za kusukulu muzikasekera kuchipinda. Ukaona dala ngati ine likumutuma tiyi, ulikoke malaya monga unandikokera ine. Usaiwale.

Tsopano nkhani ya ndevu. Amayi ako akuti ndisailembe chifukwa aliyense akuidziwa, koma ine ndikuti ndi pamene panayambira zonsezi. Loweruka lija, tsiku loyamba kujambula, ndinabwera kuchokera kukadimba kanga ka kuseri kwa nyumba, nditavala juzi yobooka pachigongono, ndevu za masabata awiri zili mbuu. Safiya anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, anati, "Uncle, choncho. Musasinthe kalikonse mawa." Ine ndinati mumtima, mwanayu analeredwa bwino, akundichitira ulemu. Kwathu mlendo akati musavutike kupha nkhuku, ndiye kuti ipheni. Ndinaganizanso za achemwali anga ku Lunzu. Filimu imayenda, tsiku lina adzaiona pafoni, adzati kalanga, Ladisi akuvutika ku Mangalande, taonani juzi. Ndiye madzulo ake ndinalowa kwa ometa a ku Turkey aja a mumsewu waukulu. Anandipala chibwano chinachita kung'anima, anandiwotcha tsitsi la m'makutu ndi moto mpaka ndinatchula dzina la agogo ako. Juzi ndinakaisiya kushopu ya zachifundo. Lamulungu ndinatulukira pabenchi paja nditavala jekete ya kutchalitchi, tayi, mafuta onunkhira, ndikuyenda ngati nduna.

Nkhope ya Safiya sindidzaiiwala. Sanakuwe. Anangokhala pansi m'mphepete mwa msewu, pakonkire pozizira, n'kuchotsa mahedifoni. A Salehe anandiyang'ana n'kunena mawu amodzi a Chiarabu, mpaka lero amakana kundimasulira. Ndiwe unandifotokozera. Unati mufilimu, dala likukhala pansi Loweruka, likutembenuza mutu Lamulungu, koma akalumikiza zimakhala kamphindi kamodzi. Ndiye anthu adzaona munthu akukhala pansi ali ndi ndevu ndi juzi, potembenuka ali ndi tayi. Ndinati nanga si zabwino, adzati Mulungu wamudalitsa mwadzidzidzi. Palibe anaseka. Kamera inali yobwereka, yoti ibwezedwe Lolemba. Chilolezo chojambulira pamalopo chinali cha masiku awiri okhawo. Mpikisano umene ankathamangira unamudutsa, anadikira chaka chathunthu chifukwa cha chibwano changa. Ndipo Lamulungu lotsatira anabwerabe kunyumba kudzadya mandasi, n'kundipatsa moni ngati sindinalakwe. Zimenezo zinandiwawa kuposa moto wa m'makutu.

Koma taona chimene chinachitika. Unatulutsa foni yako, ndipo tinapeza kuti Loweruka lija, popanda wokutuma, unali utajambula chilichonse: batani limene ndinamanga, dzanja limene linagwira kapu, kumene chipewa chinapendekera, ngakhale khoko la lalanje limene a Salehe anasiya pabenchi. Juzi unakaigulanso kushopu kuja, juzi yanga yomwe. Masabata awiri unkabwera ndi chithunzi n'kumachiyerekeza ndi chibwano changa ngati mlimi woyendera nazale. Safiya anati wapeza munthu wake. Ati pali ntchito yeniyeni yotero, ya munthu wokhala pambali pa dairekita ndi kope, woonetsetsa kuti za lero zifanane ndi za dzulo. Ndiyo ntchito ukukagwira ku Jordan. Ndiye ndikakhala pansi mutu umandizungulira. Ntchito imene yakuchotsa kuchipatala inamera pachibwano panga. Ndikafuna kukalipira wina, ndikalipire ndani? Ometa? Langizo langa apa n'lalifupi: munthu amene akudziwa ntchito yake akati usasinthe kalikonse, si nkhani ya nkhuku ya alendo. Usasinthe.

Tsiku loonetsa filimuyo ndinalakwanso. Pojambula paja ndinali nditanena nthabwala zanga zonse, ya njinga, ya ansembe ndi mbuzi, ya amayi ako ndi makina ochapira. Safiya ankangosiya kamera ikuyenda, ine n'kumati zikutheka. Ndinaitana theka la mpingo kukanyumba ka filimu m'tauni muja, ndinawauza kuti abwere ndi mipango yopukutira misozi ya chiseko. Magetsi anazima. Madala awiri pabenchi. Tramu yabwera, sanakwere. Tramu yapita. A Salehe akusenda lalanje, akundipatsa theka. Tramu ina. Nthabwala zanga, ngakhale imodzi! Anadula zonse, anasiya pamene ndinali chete. Ndiyeno panafika pena pamene nkhope yanga inadzaza chinsalu chonse, ndikuyang'ana njanji, ndipo ndinamva anthu akufwenthera mumdima. Mzungu wina wachikulire anadzandigwira dzanja potuluka, maso ali psuu, kufunsa kuti ndinkaganiza chiyani pamenepo. Ndinamuuza kuti ndinkaganiza kumene kuli chimbudzi. Ndi zimene ndakhala ndikuuza aliyense. Iwe ndikuuze zoona. Safiya anali atandinong'oneza kuti, "Uncle, tramuyi ikatsegula chitseko, mukanakonda atsike ndani?" Ndipo ndinaona achimwene anga a Fabiano, amalume ako, amene anaikidwa m'manda ine ndili kuno ndikudikira mapepala. Mwana uja anadziwa bwanji kuti muli munthu m'menemo? Iwe unkajambula mafupa ndi chimakina chodzaza chipinda. Iye analowa m'kati ndi funso limodzi.

Koma tsikulo ndinakwiya. Safiya ndinamupeza pakhomo, ndinati nthabwala zanga wazitaya kuti? Anaseka pang'ono, n'kuyankha m'Chingerezi chake cha mbatata chija, "Uncle, nthabwala zanu n'zabwino. Koma ndaona kuti mumazinena pamene mukuopa." Ndinati zamkutu, ine ndinaopapo chiyani. Nditatembenuka ndinaona a Salehe. Ukudziwa zimene anthu ena a kwawo ankanena, zoti mwana wamkazi wolamula amuna pamsewu adzamukwatira ndani, zoti bambo ake alephera kulera. Koma a Salehe usiku umenewo sanasamale za anthu. Anangotenga miyendo itatu yoikapo kamera, anaisenza paphewa pamaso pa onse, n'kumatsatira mwana wake kugalimoto. Filimuyo inakapambana kunja, ndiyo yatsegula chitseko cha yaikuluyi. Ine ndinaona zonsezo, Tadala, ndipo sindinaphunzirepo kanthu. Ndicho chifukwa pali ndime yotsatirayi.

Lamulungu lija, masabata atatu apitawo, titaweruka mapemphero, tili pa tiyi muholo. Mayi Zulu, aja a ku Chipata angobwera kumene pantchito yosamalira okalamba, anandifunsa mwaulemu, "A Phiri, tamva kuti a Tadala achoka kuchipatala. Awakweza?" Azimayi a kwaya onse anatchera khutu. Ine kapu m'manja, jekete ya kutchalitchi ili pathupi, ndinati, "Awakweza ndithu. Asiya kujambula mafupa, tsopano azikanyamulira ambulera mwana wa Mwarabu kuchipululu kosagwa mvula." Holo yonse inagwa nacho chiseko. Ndinamva kukoma, ndisaname. Potembenuka, ndiwe, uli kumbuyo kwanga ndi mbale ya masamusa imene unkandibweretsera. Unangoti, "Wow, Dad." Unaika mbale patebulo bwinobwino, osaimenyetsa, n'kutuluka. Ndikanakonda ukanaimenyetsa.

Ndi mawu amodzi ndinanyoza anthu atatu: iwe, Safiya amene ndinamudyera chaka osandikalipira, ndi a Salehe amene anandigawira lalanje. Masiku oyamba ndinkauza amayi ako kuti ana a kuno sadziwa nthabwala. Iwo anati, "Inu a Phiri, nthabwala imakhala yoti mwini wake asekenso." Kenako mawu a Safiya aja anabwera okha. Ndinkaopa, mwana wanga. Tinachoka kwathu iwe uli ndi zaka zisanu ndi zitatu kutsata ntchito ya amayi ako ya unamwino. Iwo anathyoka msana ndi mashifiti, ine makatoni, kuti iwe udzakhale ndi ntchito yosatha, ya baji pachifuwa. Ndiye ukuti miyezi inayi, ikatha sukudziwa. Ndikuopa kuti udzabwera chimanjamanja. Ndikuopanso kuti zidzakuyendera, osabweranso. Ziwirizi zikutsutsana, ndikudziwa, koma zonse zili m'mimba muno, zikukankhana ngati ana pampando wakutsogolo. Ukamva pakamwa pako pakuyabwa ndi nthabwala, chifukwa magazi ndi anga, uyambe wadzifunsa kuti ukuopa chiyani. Limeneli ndilo langizo lalikulu, ena aja ndi ndiwo chabe.

Chinthu chimodzi chokha ndinachimvetsa pantchito yanuyi. Pakalakwika simutaya filimu yonse. Aliyense amabwerera pamene anaima, zovala zomwezo, kapu dzanja lomwelo, n'kunenanso bwino. Ndiye Lamulungu lapitali ndinachita zimenezo. Ndinavala jekete yomwe ija, ndinaima pomwe paja pafupi ndi chithini cha madzi otentha, ndinaitana azimayi a kwaya kuti aliyense aime pamene anaima. Ndinati Mayi Zulu, funsaninso funso lija. Iwo anati, "Funso liti, a Phiri? Mwamwa mankhwala anu?" Tinalimbana mpaka anafunsa. Ndinayankha kuti mwana wanga ali ndi diso loona zimene ena saona, kuti dairekita amene dzina lake layamba kumveka kunja wamusankha pakati pa anthu ambiri, kuti ine sindikumvetsa ndipo ndikuopa, koma ndikunyada. Palibe anaseka. Mayi Zulu anati amen. Amayi ako ndiwo anali wa kamera, kuti tikutumizire. Titafika kunyumba tinatsegula foni, tinapeza mphindi zitatu za mphuno ya amayi ako ndi denga la holo. Kamera inali itayang'ana kwa iwo. Mawu anga osamveka, kukungomveka iwo akupuma.

Ndiye tibwerezanso kachitatu. Mawa ndikhala pa eyapoti kuyambira masana, pafupi ndi poyezera katundu. Jekete ndaivala kale, amayi ako akuti iyamba kuyenda yokha. Chibwano ndapala monga chinalili tsiku lija, osapitirira. Kapu ya kuholo ndinabwera nayo m'thumba, abusa adzandikhululukira. Mayi Zulu ali pa shifiti, ndiye a Salehe, amene akuperekeza Safiya, avomera kufunsa funsolo. Ndawaphunzitsa Chichewa chake masiku atatu, akumati "awakweja", koma zimveka. Mbale ya masamusa ndibweretsa. Iwe ungoima kumbuyo kwanga monga unaimira. Ukaona china chasiyana, nena, ndiyo ntchito yako, tibwereza mpaka aitane ndege.

Zina zonse amayi ako akuuza: madzi uzimwa, dzuwa la kumeneko si la ku Coventry, anzako akamasala kudya usamatafune pamaso pawo, uziimba foni Lamulungu lililonse. Umuuze Safiya kuti dala la ndevu lija likuti akafuna munthu wokhala chete mufilimu ina, laphunzira. Pang'ono.

Ndine atate ako osamva,
Ladisi Phiri.

Ndaiwala chimodzi, ndipo n'chachikulu. Kapu ija inali kudzanja liti? Ine ndikuti lamanzere, amayi ako akuti lamanja, takangana kuyambira m'mamawa. Munthu amene amaona zoterezi ndi mmodzi yekha m'banja muno. Foni ndaitchaja, ili m'thumba la jekete. Ngakhale mawu amodzi okha, Tadala. Ngakhale m'Chingerezi.